Ndinali pa Geji ya Matope

Petulo ndi Limbani, ana anga, pamodzi ndi adzukulu amene mudzawerenge izi mukadzakula:

Tsiku limene ndinkalemba mafomu opumira pa ntchito, kalaliki wa ku ofesi anandifunsa mwezi umene anandisamutsira ku Chifunga. Chaka ndinachikumbukira, koma mwezi unandithawa, ndipo mabwana ena amene ndinagwira nawo ntchito zaka ziwiri zitatu ndaiwala ndi nkhope zawo zomwe. Koma wina andifunse kumene ndinali tsiku limene tinamva za Napolo wa ku Phalombe, ndimuuza mtengo umene ndinakhala pansi pake, malaya amene ndinavala, ndi chimene chinali m'manja mwanga. Si ine ndekha ayi. Pano pa Zalewa, tikakhala pakhonde la golosale dzuwa likupendeka, munthu akangotchula limodzi la masiku amenewo, aliyense amalanda mnzake mawu. Uyu ali, "Ine ndinali kuchigayo." Uyo ali, "Ine ndinali nditangotsika minibasi, thumba la feteleza lili pamutu." Palibe amene wafunsidwa, koma aliyense akufuna anene pamene anaima. Nanenso ndikufuna ndikuuzeni pamene ndinaima, makamaka tsiku limodzi limene inu awiri munali kutali, wina ku Joni wina ku Mzuzu, ndipo munangomva kuti bambo anu sanapite kukafuna mlongo wanu Esnati. Simunandifunsepo. Ndikudziwa kuti ndi ulemu, koma ndi bwino mumve kwa mwini wake.

1987, Matope

Ndinafika ku Matope ndili ndi zaka 23, kuchokera kwathu ku Ntchisi, nditakwera kumbuyo kwa galimoto ya ofesi ya zamadzi pamodzi ndi sutikesi, mphasa ndi njinga yakapalasa. Nthawi imeneyo Neno inali isanakhale boma payokha, zonse tinkayendera ku Mwanza. Wondiperekeza anali bwana wanga woyamba, a Gondwe, bambo wamfupi wa ku Rumphi wosakonda kuseka. Sananditengere kunyumba kaye. Ananditsitsira kumtsinje n'kundisonyeza geji: zitsulo zinayi zoyera, zolembedwa manambala akuda, zozikidwa motsatizana kuyambira m'madzi kukwera kumtunda. Ntchito yanga inali kuona pamene madzi a Shire alekezera pa chitsulo, 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana, n'kulemba m'buku. Mwezi ukatha, ndinkang'amba mapepala n'kuwatumiza pa positi. "Basi?" ndinafunsa. "Basi," anatero a Gondwe. "Muone ngati mungakwanitse basi ameneyo kwa chaka chimodzi osadumpha tsiku."

Mtsinje waukulu choncho ndinali ndisanauonepo, ndipo kutentha kwa ku Matope kunandisupula khungu mwezi woyamba. Anthu a m'mudzi sankamvetsa za mnyamata wolandira malipiro a boma chifukwa choyang'ana madzi. Ena ankati ndimawerenga ng'ona. Asodzi anandipatsa dzina loti a Geji, ndipo mpaka lero ku Matope mukafunsa a Malizani sakudziwani, koma mukati a Geji akulozerani nyumba imene tinkakhala. Zosowa zinalipo zambiri. Nsapato za jombo zimene anandilonjeza zinafika patatha zaka zinayi, zonse ziwiri za phazi lamanzere. Buku likatha ndinkalemba pa pepala la thumba la simenti. Pensulo ndinkaisonga mpaka kutsala kachidutswa kosagwirika, kenako n'kukalowetsa m'bango kuti katalike.

Chaka chachiwiri ndinadwala malungo, ndinagona masiku awiri osafika kumtsinje. Nditadzuka ndinaona mipata inayi yopanda kanthu m'buku, ndinachita mantha, ndipo ndinalembamo manambala ongoganizira. A Gondwe anabwera mosayembekezereka sabata yomweyo. Anayang'ana bukulo nthawi yaitali, kenako anati, "Lachiwiri ku Balaka kunagwa mvula yambiri. Madzi anu bwanji sanasunthe?" Ndinaulula. Sanandikalipire. Anatulutsa labala m'thumba la malaya n'kundipatsa kuti ndifufute ndekha, iwo ataima pomwepo. "A Malizani, pamene simunaone, siyani popanda kanthu. Mpata wopanda kanthu timadziwa chochita nawo. Nambala yabodza tiikhulupirira, ndipo ingaphe munthu ku Chikwawa amene simudzamuona n'komwe." Pochoka anandisiyira mankhwala a malungo amene anagulira mwana wawo. Bambo ameneyo anamwalira ndisanamuthokoze mokwanira.

Malichi 1991, Zalewa

Apa n'kuti nditakwatira amayi anu, ndipo Esnati anali wakhanda wosakhazikika. Tsiku limenelo ndinapalasa njinga kupita pa Zalewa kukagula chubu, chifukwa chakale chinali zigamba zokhazokha. Ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu umene unali kutsogolo kwa sitolo ya Che Jafali, njinga nditaigadamitsa, ndavala malaya a mizeremizere amene amayi anu anandigulira, sipanala ili m'manja. Che Jafali anali Msilamu wa ku Mangochi amene anatsegula sitolo pa Zalewa malo adakali tchire. Wailesi yawo inkakhala pa kauntala, ndipo inali ya tonse. Nkhani zitayamba, wowerenga ananena kuti madzi ndi miyala zatsika m'phiri ku Phalombe ndipo midzi yakokoloka pamodzi ndi anthu ake.

Pafupi ndi ine panali mayi wina wogulitsa mandasi amene tinkangomutcha Mayi a ku Phalombe. "Che Jafali, takwezani pang'ono," anatero. Anakweza. Wowerenga atayamba kutchula malo, mayiyo anaika beseni pansi, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kuyamba kuyenda mumsewu wa ku Blantyre wopanda nsapato, osalira, osalankhula ndi munthu. Tonse tinangomuyang'ana. Che Jafali ndiwo anatuluka n'kumuthamangira. "Amayi, ku Phalombe simungafike wapansi. Dikirani." Anatseka sitolo dzuwa lili pamutu, makasitomala ali pakhomo, analiza kapikapu kawo kakale n'kumukweza. Anabwerako patatha masiku awiri ali okha, matope mpaka m'mawondo, ndipo sanafune kufotokoza zimene anaona. Beseni la mandasi lija linakhala pansi pa nimu mpaka madzulo, palibe ngakhale mwana amene analikhudza. Ine ndinabwerera ku Matope ndikukankha njinga, chubu chatsopano chidakali m'thumba. Nditafika ndinanyamula Esnati osamutsitsa mpaka amayi anu anandifunsa ngati ndadwala.

1998 mpaka 2013, Chifunga

Ku Chifunga ananditumiza kukayang'anira mageji a mitsinje ing'onoing'ono, imene chilimwe imauma kuti gwa koma dzinja imadzaza pa ola limodzi. Ndinkapalasa mitunda yaitali, ndipo inu awiri munakulira kumeneko, ndiye sindichulutsa. Njala ya 2002 munaiona ndi maso anu. Imeneyo ilibe tsiku limodzi loti munthu anene kuti ndinali apa. Inabwera pang'onopang'ono, ndipo anthu sakonda kuikamba. Ndimangokumbukira kuti alimi amene ndinkadutsa m'minda mwawo, anthu oti nawonso analibe, ankandiponyera maungu aawisi m'dengu la njinga akuti, "Mukawapatse ana, a Geji, inu mulibe munda kuno."

Tsiku lina limene ndimalikumbukira bwino ndi Loweruka la sabata ya Pasaka mu Epulo 2012. Kwa masiku awiri kunali manong'onong'o okhaokha oti mtsogoleri wa dziko wadwala mwadzidzidzi, ndipo aliyense ankalankhula motsitsa mawu. Ine ndinali pabenchi la kuchipatala cha Chifunga, ndaperekeza amayi anu kukayezetsa magazi amene ankathamanga. Namwino anali atangowamanga lamba woyezera pamkono pamene mlonda analowa ndi wailesi osagogoda. Analengeza kuti mtsogoleri wamwalira. Namwino uja, mtsikana wa ku Karonga, anaiwala lamba ali chifufumire, mpaka amayi anu anati, "Mwana wanga, ndimasule kaye, tingakhale maliro awiri." Tinaseka, kenako tinachita manyazi kuti taseka. Panja odwala anali atasonkhana, ena ankamukonda malemuyo ena ayi, koma onse ankafunsa funso limodzi: "Kodi kukhala mtendere?" Mtendere unakhalapo, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo.

2015, Matope kachiwiri

Anandibweza ku Matope mu 2013, imvi zitayamba. Bwana wanga tsopano anali Mayi Tembo, wamng'ono kwa ine ndi zaka pafupifupi makumi awiri, wophunzira kwambiri. Poyamba ndinkaona ngati sitigwirizana. Anandipatsa foni n'kundiphunzitsa kutumiza nambala pa meseji, ine zala zikulimba. Madzi osefukira a Januwale 2015 atadutsa, anabwera okha ku Matope n'kukhala nane pamwala pafupi ndi geji. Anatambasula mapu pamaondo. "A Malizani, kodi munauzidwapo kumene nambala zanu zimapita?" Ndinati ku ofesi. Anaseka n'kuyamba kundilozera ndi chala: oyang'anira geti la madzi ku Liwonde, a magetsi kumunsi kwathuku, ndi anthu ochenjeza midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje kuti isamuke. "Yanu si yokhayo imene timayang'ana, koma ikasowa timakhala ngati tatseka diso limodzi." Ndinali nditagwira ntchito zaka 28, ndipo aka kanali koyamba munthu kundionetsa mapu. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mnyamata.

Malichi 2023

Esnati anali atakwatiwa ndi Yohane, kalipentala wofatsa wa ku Lirangwe, ndipo ankakhala ku Chilobwe mu Blantyre, m'munsi mwa phiri la Soche, ndi mwana wawo Madalo wa zaka zinayi. Namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa masiku osalekeza. Lolemba pa 13 ndinalawirira kumtsinje. Chitsulo choyamba ndi chachiwiri zinali zitamira, madzi ofiira akubwera ndi mitengo yathunthu. Ndinali nditaima pa chitsulo chachitatu, ndikuchotsa zinyalala ndi ndodo kuti manambala aoneke, pamene msodzi wina, a Bonongwe, anatsetsereka akuthamanga, kawailesi atakakulunga m'jumbo. "A Geji, mwamva? Phiri la Soche lagumuka. Akuti ku Chilobwe nyumba zakwiririka ndi anthu omwe. Kodi mwana wanu uja si kumene amakhala?"

Ndinaimba foni ya Esnati, sinalowe. Ya Yohane, sinalowe. Ndikuimbanso, foni inalira m'manja mwanga, ndipo anali Mayi Tembo. "A Malizani, ndikupemphani, lero muziwerenga ola lililonse. Mageji angapo akumunsi akokoloka, ena owerenga ake sakupezeka pa foni. M'chigawo chimenecho amene akundiyankha ndinu nokha." Ndinati, "Madamu, mwana wanga ali ku Chilobwe." Mvula inkamveka mbali zonse ziwiri za foni. Kenako anati, "Pepani, bambo. Sindingakuletseni. Mukapita palibe amene adzakufunseni, ndikulonjeza. Wina woti abwere m'malo mwanu ndimufuna, koma misewu mmene ililimu sangafike lero kapena mawa. Mundiuze chimene mwasankha." Ndikanakonda akanandilamula. Ndikanakhala ndi woti ndizimuloza chala.

Ndinakwera kunyumba n'kupeza amayi anu atavala kale, atamva kwa aneba. Nditawafotokozera za foni ija anandiyang'ana ngati sakundidziwa. "Bambo a Esnati, mwana ali pansi pa dothi, inu mukufuna muziwerenga madzi?" Ndinati, "A Nambewe, ku Chilobwe kuli manja ambiri okumba, ndipo anga ndi okalamba. Pano pali maso awiri okha odziwa chitsulo chija. Kumunsi kulinso ana a anthu." Mawu amenewo ndinawanena, koma mumtima sindinkawakhulupirira onse. Mwina ndinkaopanso chimene ndikanakachipeza kumeneko. Ndalingalira zimenezi kambirimbiri ndipo sindingakuuzeni kuti mantha panalibe. Amayi anu anati, "Chabwino. Khalani ndi madzi anuwo, ine ndikupita." Anakwera kabaza wa njinga yamoto wopita pa Zalewa. Asananyamuke anatsikanso, anabwera pamene ndinaima n'kundipatsa jumbo ya shuga. "Foni muisunge umu isanyowe. Ndikaimba muyankhe."

Pa Zalewa minibasi zinali zosayenda. Che Jafali, amene tsopano anali nkhalamba yovutika ndi maso, anawaona amayi anu ataima pamvula ndipo sanawafunse zambiri. Anatseka sitolo, anawakweza m'pikapu ya mwana wawo n'kuyendetsa okha mpaka ku Blantyre. Ine ndinatsikira kumtsinje. Ola likakwana ndinkalowa m'madzi ofika m'ntchafu, kuchotsa zinyalala, kuwerenga, kutumiza meseji, kenako n'kuimba foni ya Esnati. Buku linanyowa, ndinayamba kulemba pamkono ndi bolopeni. Magetsi kunalibe, koma a Bonongwe anazula batire ya sola kunyumba kwawo n'kuibweretsa pansi pa mtengo kuti foni isathe moto. Anakhala pamtunda atagwira chingwe chimene anandimanga m'chiuno, maso ali pamadzi kuopa ng'ona. Amayi a m'mudzi ankabwera mosinthana ndi tiyi m'botolo ndi mbatata yootcha. Palibe amene anandifunsa chifukwa chake sindinapite. Ankangoti, "Imwani, a Geji," n'kukhala pang'ono.

Lachiwiri itangodutsa 1 koloko masana, foni inalira ndili m'madzi. Ndinavutika kumasula jumbo chifukwa zala zinali zitauma ndi kuzizira. Anali amayi anu. "Ali moyo. Mwendo wathyoka, koma ali moyo, ali kuchipatala chachikulu. Madalo naye tamupeza kusukulu kumene asonkhanitsa anthu, ali ndi aneba awo. Koma bambo a Madalo sakuoneka." Ndinafika pamtunda sindikudziwa bwanji, n'kukhala pansi m'matope. A Bonongwe anavula chipewa, ankaganiza kuti ndi uthenga wa maliro, mpaka ndinawauza. Pambuyo pake ndinamva kuti Che Jafali anayenda ndi amayi anu wodi ndi wodi tsiku lonse la Lolemba, ndipo atafika kunyumba yachisoni anawaimitsa pakhomo. "Amayi, inu khalani pano. Mwanayo ndikumudziwa kuyambira ali kumsana, ndikayang'ana ndine." Analowa okha, n'kutuluka kudzawauza kuti mulibe.

Thupi la Yohane linapezeka Lachinayi. Lachisanu madzi anayamba kutsika, wondilowa m'malo anafika, ndipo ndinanyamuka. Esnati ndinamupeza ali gone, mwendo uli m'chikhakha, nkhope ili ndi mabala. Anandiyang'ana kamodzi. "Mwabwera, abambo." Anatembenukira kukhoma. Yohane tinakamuika kwawo ku Lirangwe mkazi wake ali m'chipatala.

Mwina mufunsa ngati nambala zanga zinapulumutsa munthu. Mayi Tembo anandiuza kuti zinathandiza, koma anali munthu wachifundo ndipo akanatero ngakhale zikanapanda kuthandiza. Ine sindikudziwa. Sindinakumanepo ndi munthu wa ku Chikwawa wondiuza kuti ali moyo chifukwa cha ine. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku amenewo sindinali ndekha. Che Jafali anatisiya chaka chomwecho chisanathe, ndipo ndinayenda nawo mpaka kumanda a Asilamu. A Bonongwe alipo, mukadzapita ku Matope mukawapatse moni ndi manja awiri. Amayi anu sanandikumbutsepo mawu amene tinalankhulana m'mawa uja, ngakhale tsiku limodzi.

Juni 2024

Esnati atatuluka m'chipatala anabwera ndi Madalo kudzakhala nafe ku Matope. Mwendo unapola, ngakhale amatsimphina. Koma ine ndi iye tinakhala chaka ndi miyezi itatu tikungopatsana moni. Sanandichitire mwano, ayi. Ankandichapira, ankandiyankha ndikamufunsa, koma ndikakhala pakhonde iye ankapeza chochita kuseri. Za tsiku lija sanauzeko munthu, ngakhale amayi ake.

Mwezi umenewo unali wanga womaliza pa ntchito. Lolemba pa 10 tinamva kuti ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko ndi anthu ena yasowa kumpoto. Lachiwiri ndinatulutsa wailesi pakhonde, ndikumanga makatoni osamukira kuno ku Zalewa. Esnati anali akuswa mtedza pamkeka, ndipo tsiku limenelo sanachoke. Chakumasana analengeza kuti ndege yapezeka m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo palibe wapulumuka. Kwa aneba kunamveka mfuu. Ine ndinali ndi chingwe cha katoni m'mano, ndinangochisiya chikulendewera. Esnati anasiya kuswa mtedza, lichero lili pamiyendo. Kenako anati, osandiyang'ana, "Akazi awo ndi ana awo adikira kuyambira dzulo. Kudikirako ndiye kopweteka."

Ndinazimitsa wailesi. Ndipo anayamba yekha. "Ine ndinali pakhomo, abambo, ndanyamula ndowa yabuluu yokingira madzi odontha. Yohane anali atakasiya Madalo kwa aneba kumunsi, n'kubwerera kudzatenga ine. Anali pafupi ngati pamene pali mtengo wa mangowo, akundikodola kuti ndisiye ndowa. Kenako kunamveka ngati malole ambiri akutsika phiri. Nditatsegula maso ndinali nditapanikizika pakhoma la nyumba ya eni, matope m'chiuno. Mukudziwa amene ndinkamuitana? Osati Yohane, osati amayi. Ndinkaitana inu. Ndinkati abambo amadziwa madzi, abwera." Anaswa mtedza umodzi n'kuuyang'ana. "Kuchipatala aliyense wolowa pakhomo ndinkadzutsa mutu. Masiku anayi." Sindinadziteteze. Ndinati, "Ndinalakwa kwa iwe, mwana wanga. Kwa anthu ena mwina sindinalakwe, koma kwa iwe ndinalakwa." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Aliyense wandiuza kumene anali tsiku limenelo, ngakhale anthu osawadziwa. Inu nokha simunandiuze. Munali pati, abambo?" Ndinati, "Pa geji." Anati, "Zimenezo ndikudziwa. Ndikufuna ndikaone."

M'mawa mwake tinatsika limodzi nthawi ya 8 koloko, pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wake. Unali mwezi wozizira, mtsinje uli phee, asodzi akukonza maukonde kutsidya. Ndinamutengera pa chitsulo chachitatu, chimene tsopano chinali pouma, udzu utamera m'munsi mwake. Ndinamusonyeza pamene ndinkaponda, mtengo umene a Bonongwe anakulungako chingwe, muzu umene tinaikapo batire, ndi mwala umene ndinkakwerapo kuti foni igwire bwino netiweki ndikamaimba nambala yake. "Munkaimba?" anafunsa. "Ola lililonse, ndikangotumiza meseji." Anayandikira chitsulocho n'kuima pamene ndinkaima ine. "Madzi anali pati?" Ndinaika chala pa chitsulo. Anayerekeza ndi thupi lake, ndipo chala changa chinali chofanana ndi m'chiuno mwake. Anayang'ana pamenepo nthawi yaitali, kenako anayang'ana miyendo yanga, miyendo ya munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Munazizidwa, abambo," anatero.

"Ndinazizidwa, mwana wanga."

Anavula juzi imene anavala n'kundikoleka pamapewa, ngakhale dzuwa linali litatuluka kale. Sindinaikane.